Sebastião Salgado: Wojambula Amene Anaona Nthaka Ikudyedwa

Pa 23 Maio 2025, mumzinda wa Paris munamwalira mkulu wina wa ku Brasil, a Sebastião Salgado, ali ndi zaka 81. Nchito yawo inali yojambula zithunzi, ndipo anaigwira zaka zoposa 50. Zithunzi zawo zochuka zilibe mitundu, ndi zakuda ndi zoyera basi, ngati zija za pa ziphaso zakale. Mwina mukufunsa kuti nanga munthu wa kutsidya kwa nyanja ameneyu akutikhudza bwanji ife a m'midzi ya m'malire. Akutikhudza pawiri. Coyamba, anafika kuno kwathu mu 1994 n'kujambula anthu athu akubwerera kucokera ku Malawi nkhondo itatha. Caciwiri, cigwa cimene anabadwiramo ndi comweco cimene cinabala kampani ya Vale, ija inadzakumba malasha ku Moatize. Moyo wawo wonse ankatsata funso limene nafenso likutisowetsa tulo: makina akafika pamalo, nthaka imasanduka ciyani, ndipo eni ake amalowera kuti?

Mwana wa pafamu ya ng'ombe

A Salgado anabadwa pa 8 Fevereiro 1944 ku Aimorés, m'cigawo ca Minas Gerais, m'cigwa ca mtsinje wa Rio Doce. Anali mwana wamwamuna yekhayo pakati pa alongo asanu ndi awiri. Bambo awo anali ndi famu ya ng'ombe yochedwa Bulcão. Pa ubwana wawo mbali yaikulu ya mapiri a pafamupo inali nkhalango, timitsinje tikuyenda. M'cigwa momwemo munkadutsa njanji yocokera ku migodi ya citsulo kupita ku doko la Vitória. Kampani yoyendetsa migodi ndi njanjiyo inakhazikitsidwa mu 1942 ndi dzina lakuti Companhia Vale do Rio Doce. Conco mwanayo anakula akuona zinthu ziwiri nthawi imodzi: nkhalango ndi ng'ombe mbali ino, sitima zodzaza miyala ya citsulo mbali inayo.

Atakula anapita kukaphunzira za cuma ku Vitória ndi ku São Paulo, ndipo mu 1967 anakwatira mayi Lélia Wanick. Nthawi imeneyo Brasil ankalamulidwa ndi asilikali amene analanda boma mu 1964. Acinyamata otsutsa ankamangidwa ndi kuzunzidwa, ndipo popeza banjali linali m'gulu la otsutsawo, mu 1969 linacoka kupita ku Paris. Kumeneko mayi Lélia, amene ankaphunzira zolemba mapulani a nyumba, anagula kamera yoti iziwathandiza pa maphunziro awo. Amuna awo atasuzumira m'kamerayo, sanafunenso kuisiya.

Mu 1971 analembedwa nchito ku London, ku bungwe loona za khofi pa dziko lonse, limene linkawatuma ku maiko a mu Africa monga Rwanda ndi Burundi kukaona za ulimi. Ankabwerako ndi malipoti odzaza manambala, komanso ndi zithunzi, ndipo mtima wawo unapendekera ku zithunzizo. Mu 1973 anasiya nchito ya malipiro abwino ija n'kuyamba kudya za kamera. M'zaka za 1974 ndi 1975, ulamuliro wa Apwitikizi ukugwa, anajambula ku Portugal, ku Angola ndi kuno ku Moçambique. Maphunziro a za cuma aja sanapite padera. Pojambula munthu wosenza thumba, ankafunanso kudziwa kumene thumbalo likupita ndi amene adye ndalama yake.

Dzenje la golide ndi zitsime zoyaka

Dzina lawo linamveka dziko lonse cifukwa ca zithunzi za ku Serra Pelada, m'cigawo ca Pará ku Brasil, zimene anajambula mu 1986. Kumeneko kunapezeka golide, ndipo amuna pafupifupi 50,000 anali m'dzenje limodzi. Phiri linali litasanduka cigwa. Anthu ankakumba ndi mapiki ndi mafosholo, kuthira dothi m'matumba, n'kukwera nalo pa makwerero a mitengo kucokera pansi mpaka pamwamba. Ukaona cithunzico patali umayesa ciswe pa culu. Ukayandikira umaona misana, minofu ya miyendo, matope kumaso. Lero dzenjelo ladzaza madzi, ndipo dera lonse linaipitsidwa ndi mercúrio amene ankatsukira golide. Inu amene munaonapo maenje a okumba golide ku Manica kapena kuno ku Tete mukuudziwa mtundu wa madzi otsala pa malo otero.

Mu 1991 asilikali a Iraq, pothawa m'dziko la Kuwait, anayatsa zitsime za mafuta zoposa 600. Utsi unaphimba dzuwa, masana kukhala ngati usiku. A Salgado anapita kukakhala ndi magulu ozimitsa motowo. Anajambula amuna onyowa ndi mafuta kuyambira kumutu mpaka kumapazi ataima pafupi ndi mipope yophulika, cipululu citasanduka thope lakuda, mbalame zolephera kuuluka cifukwa nthenga zamatana. Citsime comaliza cinatsekedwa mu Novembro caka comweco.

Zithunzi zimenezi zinalowa m'buku lochedwa Trabalhadores, kutanthauza anchito, lotuluka mu 1993. Pokonza bukuli anayenda maiko 26 kwa zaka zisanu ndi cimodzi. Muli odula nzimbe a ku Brasil ndi ku Cuba, othyola tiyi a ku Rwanda, okumba malasha a ku India, ophwasula sitima zakale za pamadzi pa gombe la ku Bangladesh, oboola njira ya njanji pansi pa nyanja pakati pa France ndi England. Colinga cawo cinali kusunga nkhope ya nchito ya manja makina asanaimeze. Koma wotsegula masamba amenewo amaonanso cina: kulikonse kumene kuli cuma cokumba, nthaka imang'ambika pamodzi ndi msana wa wokumbayo, ndipo cumaco cimakwera sitima kupita kwina.

Kajambulidwe kawo kanali kodekha. Sankafika m'mawa n'kucoka madzulo. Ankakhala ndi anthuwo masabata, kudya nawo, kuyenda nawo, mpaka iwo ataiwala kuti pali kamera. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Caka ca 1994

Atamaliza za anchito anayamba kutsata anthu osamuka: othawa nkhondo, othawa njala, osiya midzi kupita ku mizinda. Buku lake, Êxodos, linatuluka mu 2000, ndipo m'menemo ndi mmene muli ife. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi amene anabisala ku Malawi anayamba kubwerera. A Salgado anawapeza ali m'njira, akatundu pamutu, ana kumbuyo, akupita kukafunafuna pamene panali kwawo.

Ine ndinali mmodzi wa ana amene anakulira tsidya lija, ndipo ndimakumbukira dziko limene tinalipeza. Minda inali itasanduka chire, mitengo itamera pakati pa mabwinja. Tinganene kuti cilengedwe cinali citabwerera, koma pansi pa udzuwo panali mabomba okwirira, ndipo tinadikira mpaka 2015 kuti boma lilengeze kuti nchito yowacotsa yatha. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu pakati pa Sena ndi Mutarara, unali wothyoka. Nsanamira za magetsi ocokera ku Cahora Bassa zinali gone m'thengo. Pabanja pathu palibe cithunzi ngakhale cimodzi ca mudzi wathu nkhondo isanafike. Mkangano wa malire a munda ukabuka, timadalira agogo amene akukumbukira pamene panali mtengo wa mkuyu, ndipo agogowo akutha mmodzimmodzi.

Pali dandaulo limene ena anapereka pa zithunzi za a Salgado. Mlembi wa ku America, mayi Susan Sontag, analemba mu 2003 kuti anthu osauka a m'zithunzizo sachulidwa maina. Pamalembedwa malo ndi caka, koma dzina la mayi wosenza mtolo uja palibe. Enanso amati zithunzizo n'zokongola mopitirira, moti woona ku Europe amasirira kuwala kwa dzuwa n'kuiwala njala ya wojambulidwayo. Pa za kukongola sindigwirizana nawo. Amayi athu anali okongola ndithu, ngakhale ataima pa mzere wolandira ufa. Koma za maina n'zoona. Ku wailesi, uthenga wa maliro wopanda dzina ndi mudzi sitiuulutsa, cifukwa sungafike kwa mwini wake. Cithunzinso n'cimodzimodzi. Mwina m'mabuku amenewo, kuphatikizapo lija lochedwa África la 2007, limene mawu ake analemba mlembi wa kwathu kuno Mia Couto, muli azakhali a wina wa inu, koma palibe coti n'kuwadziwitsira abale.

Kubwerera ku Bulcão

Caka comweco ca 1994 a Salgado anapitanso ku Rwanda, dziko limene ankalidziwa kuyambira masiku a khofi, pamene anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'miyezi itatu. Anajambula misewu yodzaza mitembo ndi misasa ya ku Goma kumene kolera inkapululutsa othawa. Zimenezi zinawadwalitsa. Iwo eni anafotokoza pambuyo pake kuti thupi linayamba kufooka, mtima unataya cikhulupiriro mwa anthu, ndipo anaganiza zosiya kamera.

M'zaka zomwezo makolo awo anali atakalamba, ndipo famu ya Bulcão inabwera m'manja mwawo. Anaipeza ili mbee. Nkhalango ya pa ubwana wawo inali itatsala pang'ono kutheratu, mapiri ali zigwembe zokhazokha, akasupe ataphwa, mbalame kulibe. Apa tiyeni tiime pang'ono. Famu imeneyi sinawonongedwe ndi mgodi kapena bomba. Inatha ndi nkhwangwa, moto ndi ziboda za ng'ombe, pang'onopang'ono, m'manja mwa banja lomwelo. Munthu amene anazungulira dziko kujambula zimene makina akuluakulu amacita anapeza kwawo kuti zida za masiku onse, zimene ifenso tili nazo pakhomo, zimafika pomwepo zikapatsidwa zaka 40.

Ganizo lobzala mitengo linali la mayi Lélia. Mu 1998 banjali linakhazikitsa bungwe la Instituto Terra, ndipo kubzala kunayamba kumapeto kwa 1999 pa malo a mahekitala oposa 600. Sanabzale bulugamu kapena paini. Anafunafuna mitengo ya komweko, ya nkhalango yochedwa Mata Atlântica, mitundu pafupifupi 300. Caka coyamba mbande zoposa theka zinafa. Anaphunzira kutsogoza mitengo yopirira dzuwa ndi yokula msanga kuti ipereke mthunzi kwa ija yofuna cinyezi, kuchinga malowo kuti ng'ombe ndi moto zisalowe, ndiponso kulimbana ndi udzu wa msipu umene unkatsamwitsa mbande. Lero pali mitengo yoposa 2 miliyoni. Akasupe anayambanso kutulutsa madzi, ndipo mbalame za mitundu yoposa 170 zinabwerera. Zithunzi ziwiri za malo amodzi, cina ca kuciyambi phiri lili dazi, cina ca patapita zaka pafupifupi 20 lili biriwiri, zinafalikira dziko lonse. Pakanapanda coyamba cija, caciwirico cikanangokhala cithunzi ca nkhalango wamba.

Mitengo itayamba kukula, mtima wojambula unabwerera. Kuyambira 2004 mpaka 2011 anayenda maulendo 32 kufunafuna malo amene makina sanawasinthe: zilumba za Galápagos, mapiri a madzi oundana a ku Antarctica, abusa a m'cisanu ca ku Siberia, mapiri a ku Ethiopia kumene anayenda wapansi masiku oposa 50, njovu ndi njati za ku Kafue kwa anansi athu a ku Zambia. Buku lake ndi Gênesis, la 2013. Cocititsa cidwi n'cakuti pokajambula malo opanda makina anadalira makina ambiri, monga ndege, sitima za pamadzi ndi mabaluni ouluka. Pakati pa nchitoyi, mu 2008, anasiya filimu n'kuyamba kamera ya digito, cifukwa makina oyezera katundu m'mabwalo a ndege ankawawonongera mafilimu. Ndipo malungo amene anawatenga ku Indonesia mu 2010, ali pa nchito yomweyi, ndi amene anasokoneza magazi awo mpaka kuwabweretsera matenda amene anawapha. Udzudzu tonse tikuudziwa. Asanamwalire anatulutsanso buku la Amazônia mu 2021, la mitsinje, mitambo ndi eni nthaka a m'nkhalango yaikulu ya kwawo.

Ndalama za Vale

Tsopano tifike pa nkhani yovuta. Mbande zoyamba za ku Bulcão zinacokera ku nazale ya kampani ya Vale, ndipo cionetsero ca zithunzi za Gênesis citatsegulidwa ku London mu 2013, kampani yomweyo ndi imene inathandiza ndi ndalama. Panali odzudzula. Nthawi imeneyo n'kuti Vale atayamba kale kutulutsa malasha ku Moatize kuyambira 2011, atasamutsa mabanja oposa 1,300 kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro. Mu Janeiro 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za minda yosabereka, kusowa kwa madzi ndi nyumba zong'ambika.

Kenako tsoka linafika m'cigwa ca a Salgado comwe. Pa 5 Novembro 2015 damu losungiramo matope a mgodi linaphulika ku Mariana. Linali la kampani ya Samarco, imene eni ake ndi Vale ndi BHP. Anthu 19 anafa, mudzi wa Bento Rodrigues unakwiririka, ndipo matopewo anatsika ndi Rio Doce makilomita oposa 600 mpaka kunyanja, kudutsa pa Aimorés pomwe. A Salgado anapempha kuti makampaniwo aike thumba lalikulu la ndalama zokonzera akasupe a m'cigwa conse. Ena anati ndi nzeru. Ena anati akulankhula mofewa kwa anthu amene amawapatsa ndalama.

Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi zoona. Mitengo ija ilipodi, ndipo mbalame sizifunsa amene analipira mbande. Koma mahekitala 600 obzalidwa sangatsuke mtsinje wa makilomita 600. Kampani ikhoza kubzala ndi dzanja lina kwinaku ikukumba ndi linalo, ndipo cithunzi ca dzanja lobzala cimayenda mtunda wautali kuposa ca dzanja lokumba. Mu 2022 Vale anagulitsa mgodi wa Moatize kwa kampani ya Vulcan n'kucoka. Maenje, fumbi ndi anthu a ku Cateme anatsala.

Nanga ife

Lamulo lathu la nthaka la 1997 limavomereza kuti mudzi umene wakhala pamalo motsata mwambo uli ndi ufulu pa malowo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzimo ndi wololedwa. Ndi lamulo labwino, koma pakamwa pamapita ndi mwini wake. Wobwera ndi galimoto amafika ndi mapu ndi makina oyezera, ife timayankha ndi zokumbukira. Cikhalireco masiku ano pafupifupi m'mudzi uliwonse muli foni yojambula. Timajambula maukwati, mpira, mwana tsiku lolandira satifiketi. Ndi angati mwa ife amene anajambulapo kasupe wa mudzi m'mwezi wa Outubro, dambo la madimba, phiri oocha makala asanafike, mtsinje osefa golide asanaulowe, misuku ndi mitondo ya kumalire a munda?

Nchito yake ndi yosavuta. Sankhani poimira pamene sipangasunthe, monga pa thanthwe kapena pa mlatho. Jambulani malo omwewo caka ndi caka, mwezi womwewo. Yambani mwadziwitsa amfumu, ndipo nkhalango ya kumanda musaijambule popanda cilolezo ca eni mwambo. Munthu akakhala m'cithunzi, mupempheni kaye, n'kulemba dzina lake, mudzi wake ndi tsiku. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, conco zithunzi zofunika muzikazitsukitsa pa pepala, cina cikhale kwa amfumu, cina kusukulu. Zidzathandiza tsiku la mkangano ndi kampani. Zidzathandizanso tsiku limene tidzafunika kuuzana tokhatokha kuti phiri lija tinalimaliza ndife ndi nkhwangwa zathu, ndi kuti mitengo yoyenera kubwezerapo ndi iti.

A Salgado anali ndi ndege, mabuku akuluakulu ndi nyumba zoonetsera zithunzi za ku London ndi ku Paris. Ife zimenezo tilibe. Koma tili ndi cimene iwo analibe mu 1994 pamene anaima m'mbali mwa msewu kujambula amayi athu akudutsa ndi mitolo: timadziwa dzina la mayi aliyense, dzina la mtsinje umene ankapita kukaumwa, ndi dzina la mtengo umene unali pa malire a munda wake.